Musagwetse nyumba yakale musanagonemo usiku umodzi

Foni inalira minibasi itaima pa maloboti a pa Manda Hill. Ndinali pampando wakumbuyo, nditapanikizika pakati pa amai ena onyamula thumba la kapenta ndi mnyamata wovala yunifomu ya ulonda. Oimba anali amalume a ku Petauke, ndipo amalume anga akamalankhula pa foni, basi yonse imamva.

"Iwe, mwezi ukasila utume ndalama. Tifuna tigwetse cija cinyumba ca cimela, timangile ambuya ako ya mabuloko. Anthu atiseka kuno."

Kondakitala anaceuka n'kunena kuti, "Tumani bosi, koma muyambe mwalipila ya basi." Tonse tinaseka. Amai a kapenta aja anati naonso akusunga ndalama ya simenti, akumanga kwao ku Katete. Mnyamata wa ulonda anati yake ku Sinda yafika pa mawindo, yangotsala malata.

Pamenepo ndinaona kuti nkhaniyi si yanga ndekha. Ambiri a ife amene timakwerera basi pa Kulima Tower, pa City Market kapena pa Millennium tili ndi kanyumba kamene tikumanga kumudzi, buloko imodzi imodzi, kudzera pa foni. Popeza ndalama imacokera kwa ife, ndife amene timagamula cimene cigwe ndi cimene ciime, ngakhale kuti kumudziko timangofikako pa maliro ndi pa Khrisimasi. Ndipo nthawi zambiri tikugwetsa nyumba zabwino kuposa zimene tikumanga, n'kulipira ndi thukuta lathu kuti zitero.

Cinyumba cimene amalume amanena cili kuseri kwa nyumba ya ambuya, pamudzi wina kufupi ndi boma la Petauke, makilomita pafupifupi 400 kucokera kuno ku Lusaka. Anacimanga ndi malemu ambuya aamuna. Monga amuna ambiri a Cinsenga a nthawi yao, iwo anapita kukagwira nchito m'mafamu a fodya, coyamba ca ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata, kenako ku Southern Rhodesia. Atabwerako, dziko lisanalandire ufulu mu 1964, anaumba njerwa, kuziwocha, n'kumanga balani yao ya fodya motengera zimene anaona kumafamu kuja. Fodya sanawapindulire zaka zambiri. Balani inatsalira ambuya aakazi, ndipo iwo anaisandutsa nyumba ya cimera.

Kwa inu amene munakulira m'tauni n'kuzolowera maheu a m'botolo, cimera cimapangidwa motere. Umatenga mapira, mawere kapena cimanga n'kuviika m'madzi tsiku limodzi kapena awiri. Ukatsanula, umayala pansi pozizira ndi pamdima, kufunditsa masaka kapena masamba a nthoci, n'kumawazako madzi. Pakapita masiku ocepa mbewu zimatulutsa timizu. Kumera kumeneko ndi kumene kumadzutsa mphamvu yosandutsa ufa wa m'kati mwa mbewu kukhala shuga, n'cifukwa cake thobwa limatsekemera popanda kuthiramo kanthu ka kusitolo. Ndiye umayenera kuumitsa msanga, mbewu isanapitirize kukula n'kudya shuga uja yokha. M'cilimwe dzuwa limagwira nchitoyo. M'dzinja, mvula ikamagwa masiku otsatizana, cimera cimacita nkhungu n'kuwonongeka. Ambuya anali ndi mwai umene anzao analibe: ankameretsa pansi m'balani muja, kenako n'kuyanika pa mphasa pamwamba pa mitanda, atasonkha kamoto pang'ono m'ng'anjo. Ankagulitsa cimera caka conse kwa ofulula mowa ndi ophika thobwa. Ndalama ya yunifomu ndi mabuku a amai anga inacokera mmenemo. Ya amalume omwewo inacokeranso mmenemo, koma izi sindinawakumbutse pa foni.

Sindinatume ndalama mwezi umenewo. Ndinakwera basi pa Intercity, kuwoloka mlatho wa Luangwa, n'kukafika kumudzi m'kati mwa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinapempha kuti andiyalire mphasa m'nyumba ya cimera.

"Mzukulu wanga, wafuntha?" anafunsa ambuya. "Muli mileme mmenemo."

Mileme inalimodi, pamodzi ndi fungo la utsi wa zaka zambiri. Koma nditalowa masana, thukuta linauma. Ndinayenda mapazi asanu ndi limodzi uku, asanu ndi limodzi uku. Zipupa ndi za njerwa ziwiri kunenepa kwake, zomangidwa ndi dothi, ndipo kutalika kwake kumakwana nyumba ziwiri za masiku ano zitasanjikizana. Mawindo mulibe. Muli citseko cimodzi cocepa, tiziboo m'munsi mwa cipupa, ndi mpata wautali pansonga pa mtenje, wophimbidwa ndi kadenga kake. Kunja kuli ng'anjo, ndipo pansi pakuoneka njira imene munkadutsa mapaipi a moto kupita ku cumuni. M'mwamba muli mitanda yopingasa, mizere mizere, imene ankakolekapo fodya.

Ciliconse mmenemo cili ndi cifukwa cake. Mpweya wotentha ndi wopepuka, umakwera. Ukafika pamwamba umatulukira pampata uja, ndipo potuluka umakoka mpweya wina kulowera pa tiziboo ta pansi. Nyumbayo imapuma yokha, popanda magetsi. Cipupa conenepa naco cimacedwa kutentha: dzuwa limaciwomba tsiku lonse, koma kutenthako kumafika m'kati usiku, kunja kutayamba kale kuzizira. Malata ali kutali ndi mutu wa munthu, conco moto wake sukuwocha. Ambuya aamuna sanapite kusukulu ya zomangamanga, koma anamanga nyumba yodziwa kuyendetsa mpweya, cifukwa fodya ndi cimera sizikhululuka. Mpweya ukalakwika, ndalama ya caka conse yawola.

Usiku umenewo ndinagona mpaka tambala. Ndinakumbukira kacipinda kanga ka lenti kuno ku Lusaka: mabuloko a mainchesi anai, malata pafupi ndi mutu, siling'i kulibe, windo limodzi loyang'anizana ndi cipupa ca neba. Inu a ku Kanyama, Chawama, Mtendere ndi Garden mukudziwa cimene ndikunena. Mu 2024, caka cimene President Hakainde Hichilema analengeza cilala kukhala tsoka la dziko, madzi a ku Kariba anatsika ndipo magetsi ankathima maola ambiri pa tsiku. Fani inakhala cokongoletsera cabe. Tinkagona pa simenti titanyowetsa citenje. Nyumba yotero ndi imene tikufuna kuwamangira ambuya, munthu wokalamba, pamalo pa nyumba imene imazizira yokha.

Kumaiko ena anthu anazindikira kale mtengo wa nyumba zotere. Ku England, kumene mowa amafulula ndi cimera ca balere, matauni ndi midzi yambiri inali ndi nyumba yake ya cimera. Nchito yake ndi imodzimodzi ndi ya ambuya: kuviika, kumeretsa, kuumitsa. Mamangidwe ake amatsatira nchitoyo. Nyumbayo imakhala yaitali, yosanjikizana, ya zipinda zazifupi msinkhu, yokhala ndi timawindo tating'ono ta zitseko zamatabwa tocepetsera kapena kuwonjezera mphepo, poti balere womera pansi amafuna kuzizira kosasinthasintha. Kumapeto kwake kumakhala ng'anjo ya mtenje wosongoka, yokhala ndi kapewa pansonga potulukira utsi ndi cinyezi. Makina atalanda nchitoyi, nyumba zambiri zotere zinatsekedwa. Zina zinagwetsedwa, koma zambiri anazisandutsa nyumba zokhalamo, ndipo mtenje wosongoka uja amausiya dala cifukwa ndi umene umaikongoletsa. Ya ku Snape, m'dera la Suffolk, inaleka kupanga cimera mu 1965. Katswiri wopeka nyimbo Benjamin Britten ndi anzake anaisandutsa holo yoimbiramo, imene inatsegulidwa mu 1967. Inapsa ndi moto mu 1969, koma anaikonzanso n'kuitsegula mu 1970. Kufupi ndi kwathu, ku Cape Town, nkhokwe yaikulu ya cimanga ya padoko anaiboola m'kati n'kukhala Zeitz MOCAA, nyumba yosungiramo zaluso imene inatsegulidwa mu 2017.

Ife kuno makina afikanso. Zambian Breweries ili ndi fakitale yake ya cimera ca balere ku Lusaka South MFEZ, ndipo Chibuku ca m'mapaketi cinafika m'midzi kalekale. Makasitomala a ambuya anacepa, nawonso msana unawakana. Ndiye funso lathu ndi lomwe lija anakumana nalo a ku England: nchito yatha, nyumba yatsala, ticite nayo ciani?

Pobwerera ku Lusaka ndinatsika pa Nyimba, pamene mabasi amaima kuti anthu agule nthoci. Nyimba ili kufupi ndi cigwa ca Luangwa ndipo kutentha kwake sikusewera. Ndinagona kwa mnzanga wina wa ku koleji, amene makolo ake amakhala m'nyumba imene kale inali sitolo. Kutsogolo kuli khonde lalikulu la nsanamira, ndipo dzuwa silikhudza cipupa kufikira madzulo. Cipinda cimene munali kauntala ndiye cocezera, mashelefu akale asungiramo mbale ndi mabuku. Kumbuyo, mosungiramo katundu muja, anagawamo zipinda ziwiri zogona, koma zipupa zogawira anazisiya zosafika ku mtenje kuti mpweya uziyenda pamwamba. Anaboola mawindo awiri, kuika mawaya a udzudzu, basi. Atate a mnzangayo anandiuza kuti pamene ankalowamo, acibale ankawatonza kuti akugona m'shopu ngati mlonda. Lero acibale omwewo akabwera kudzaceza m'Okutobala, safuna kucoka pakhonde paja.

Luso la njerwa m'madera amenewa si la dzulo. Mishoni ya Nyanje inayamba mu 1905, ya Hofmeyr kufupi ndi Nyimba mu 1914, ndipo m'mamishoni ndi m'mafamu ndi mmene ambuya athu ambiri anaphunzirira kuumba, kuwocha ndi kumanga. Mukayenda mumsewu wa Great East, yang'anani pa windo m'malo mogona: masitolo akale a makonde, mashedi a makopaletivu, madepoti a nthawi ya Namboard, imene inathetsedwa mu 1989. Zina zikugwirabe nchito, zina zikungodyedwa ndi ciswe. Lamulo la National Heritage Conservation Commission la mu 1989 limawerengera monga cuma camakedzana zomangidwa isanafike 1 Januwale 1924. Nyumba ya pambuyo pake imatetezedwa ngati boma lailengeza mwapadera, monga linacitira ndi nyumba nambala 394 ku Chilenje, mmene munkakhala Kenneth Kaunda kuyambira 1960 mpaka 1962. Balani ya ambuya anga palibe nduna imene idzabwera kudzailengeza. Woiteteza ndi banja lokha, ndipo m'banjamo mau omaliza ali ndi uja wotumiza ndalama.

Tsono ndisawalakwire amalume, naonso ali ndi mfundo. Kumudzi nyumba imalankhula. Ya mabuloko ndi malata amtundu imauza odutsa kuti pakhomo pano pali mwana wogwira nchito ku Lusaka amene sanaiwale kwao. Kugoneka mai wako m'balani kumamveka ngati walephera. Iwo ndi amene amakhala pamudzipo, ndi amene amamva zonena za anthu kucigayo ndi kumaliro, pamene ine ndili kutali. Palinso a kuchalichi ena amene amaiona nyumbayo ngati cikumbutso ca mowa. Manyazi otere si nkhani yocepa, ndipo wa m'tauni amene amafika ndi nzeru za m'mabuku n'kuwaseka abale ake sanamvetse kanthu.

Komanso si nyumba yakale iliyonse imene ili yoyenera kugonamo. Ina maziko anatha, cipupa cinang'ambika kucokera pansi mpaka pamwamba, ndipo kuisunga n'kuika moyo wa anthu pangozi. Mitanda ndi phaso zikhoza kuoneka zolimba kunja, m'kati ciswe citamaliza. Madepoti ena ankasungiramo feteleza ndi mankhwala a thonje kapena ophera anankafumbwe, ndipo zotere zimalowerera pansi ndi m'zipupa. Mashedi ena anafoleredwa ndi asibesitosi, amene fumbi lake limawononga mapapo ukamudula kapena kumuswa. Ngakhale cipupa cili cabwino, kuboola windo si nkhani ya mnyamata aliyense wokhala ndi hamala. Pamafunika lintala pamwamba pake yonyamula njerwa, windolo lisayandikire pangodya, ndipo osaboola mawindo ambiri cipupa cimodzi. Kuno ku Lusaka timasandutsa nyumba tsiku ndi tsiku: galaji ikukhala cipinda ca lenti, tavani ikukhala chalichi, nyumba za ku Rhodes Park zikukhala maofesi. Zambiri timazicita moipa, cifukwa timangowerenga zitseko zolipiritsa lenti, osafunsa kuti mpweya ulowera pati n'kutulukira pati.

Za mapepala nazonso musaiwale. Ngati nyumbayo ili m'dera la khansolo, monga pa boma la Petauke kapena la Nyimba, lamulo la Urban and Regional Planning Act la mu 2015 limafuna cilolezo posintha nchito ya nyumba. Ngati ili pamalo a mfumu, kambiranani ndi anyakwawa komanso banja lonse musanaikepo ngwee. Kwathu kwa Ansenga, kumene mtundu umatsata kucikazi, mukhoza kukonza nyumba bwinobwino, mawa n'kumva kuti eni ake enieni ndi ena.

Koma zonsezi ndi zifukwa zoyendera nyumba ndi munthu wodziwa, si zifukwa zogwetsera usanaione. Tawerengani ndalama. Pomanga nyumba yatsopano mumalipira maziko, mabuloko, mcenga, miyala, simenti, thiransipoti ndi bilikileya, mtenje usanayambe n'komwe. M'nyumba yakale yolimba, maziko ndi zipupa analipira kale amene anatisiya. Kugwetsa nakonso si kwaulere: ogwetsa amafuna yao, ndipo njerwa zambiri zimasweka. Palinso mtengo umene suoneka pa lisiti. Njerwa za balani ija zinadya mitengo yake zaka zoposa 60 zapitazo. Mukaziswa n'kuwocha zina, mudulanso mitengo, m'dera limene matumba a malasha andandalika kale m'mbali mwa msewu kuyambira ku Luangwa mpaka ku Nyimba. Simenti nayo, kaya ya ku Chilanga, kumene kampani ya simenti inakhazikitsidwa mu 1949, kaya ya kwina, imapangidwa powocha miyala ya laimu pa moto wa madigiri pafupifupi 1,450. Thumba lililonse limene simunagule ndi ndalama yotsala m'thumba lanu komanso moto umene sunayatsidwe.

Ndisananyamuke ku Petauke tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ine, amalume, ambuya ndi bilikileya wina wacikulire wa mudzi woyandikana nawo. Iye anazungulira nyumbayo kawiri, kugogoda njerwa, kukumba pang'ono m'mbali mwa maziko, kukwera kukabaya mitanda ndi mpeni. Anati zipupa zili bwino, kupatula ngodya imodzi imene madzi a padenga akhala akuikukuta. Mitanda ina ndi yofunika kucotsa. Malata atha. Tinagwirizana zokonza ngodyayo, kuboola mawindo awiri oyang'anizana, kukulitsa citseko, kupala mwaye, kupaka laimu, ndi kuthira simenti pansi. Mpata wa pamwamba ndi tiziboo ta pansi tikhalapo, tingoikamo waya wa sefa woletsa mileme, njoka ndi udzudzu. Ambuya azigona pansi. Pamwamba, pamene panali mitanda, tidzakhoma matabwa kuti azukulu obwera pa holide azikwera ndi makwerero kukagona. Ng'anjo ya kunja ikhala khichini.

Amalume anamvetsera osayankha. Kenako anati, "Nanga anthu akapita pa njila azaona cani?"

Ndiye tinawonjezera khonde kutsogolo, la nsanamira zitatu ndi malata atsopano obiriwira, ooneka kucokera kumsewu. Poyamba ndinaliona ngati la manyado cabe. Bilikileya anati lidzachinga cipupa ku dzuwa la madzulo ndi ku mvula, conco amalume anali ndi nzeru kuposa mmene ndinkaganizira. Mtengo wa zonse pamodzi unatsika kwambiri poyerekeza ndi wa nyumba ya mabuloko imene ankafuna, ndipo nchito idzatha mvula isanalimbe, m'malo mokhala pa mawindo zaka zitatu kudikira bonasi yanga.

Ambuya sanalankhule zambiri pa msonkhanowo. Titamaliza anangoti tisacotse mwala waukulu umene uli pakhomo, pamene ankakhala posankha mapira. Amalume mpaka lero sanakhutire kwenikweni. Sabata yatha anaimbanso, ndili m'basi ya ku Chelston, kufunsa ngati sitingapake penti yonyezimira kunja konse. Nkhani imeneyo tikali kukambirana.

Inu amene mwagwira nyuzipepala iyi pa bondo, foni ikalira kuti tumani ndalama tigwetse, musayankhire m'basi. Pemphani masiku awiri kunchito, pitani m'mwezi wotentha, lowani m'nyumbayo masana, mugonemo usiku. Itanani womanga wacikulire aiyendere, ndipo mufunse okalamba kuti inkagwira nchito yanji ndi cifukwa cake inamangidwa motero. Akakuuzani kuti yatha, gwetsani ndi mtima umodzi, musunge njerwa zimene zingapulumuke. Akakuuzani kuti ili ndi moyo, ndalama ya mabuloko ija mugulire mawindo, malata ndi khonde, yotsalayo mulipirire mwana sukulu.